Ferguson asanakhale Sir Alex: fakitale, bala ndi mapaundi 40 pa sabata

Ku hositelo kwathu, Manchester United ikagonja, mkangano umathera pamodzimodzi: akanakhalapo Ferguson izi sizikanachitika. Ambiri mwa amene timanena zimenezi tinali ku pulayimale pamene mkuluyu ankapuma pa ntchito mu 2013. Timamudziwa ngati mdala wofiira nkhope, wotafuna chingamu, akulozera oyimbira wotchi yake kuti nthawi sinathe. Tsiku lina mnzathu wosapota Arsenal anatifunsa mwachipongwe kuti Ferguson wanuyo asanapite ku Manchester ankachita chiyani. Awiri atatu anayankha kuti Aberdeen. Nanga asanapite ku Aberdeen? Chipinda chonse zii.

Funsoli linandivutitsa moti ndinapita kukawerenga. Zomwe ndinapeza ndi izi: ali ndi zaka 32, munthu amene anadzatenga ligi ya ku England ka 13 ankagulitsa mowa m'bala lake ku Glasgow, ndipo uphunzitsi wa mpira inali ntchito yapambali yomupatsa mapaundi 40 pa sabata. Zaka zake zoyamba ngati wosewera, mpira ankauchita madzulo akaweruka ku fakitale. Anthu akamafotokoza mbiri yake, zaka zimenezi amazidumpha kuti afike msanga pa zikho. Ine ndikuona kuti Ferguson amene timamudziwayo anaumbidwa m'zaka zomwezo.

Tiyambe ndi momwe mpira wa ku Scotland umayendera. Ligi yawo ili ndi matimu 42 m'magawo anayi. Pamwamba pali Celtic ndi Rangers, zomwe bwalo la iliyonse limalowa anthu oposa 50,000. Koma m'magawo apansi, matimu ambiri osewera ake ndi anthu apantchito: amisiri, aphunzitsi, madalaivala, ogwira m'maofesi. Amakumana madzulo kawiri pa sabata kukonzekera, Loweruka n'kukasewera, Lolemba m'mawa ali pantchito. Kuno kwathu timadziwa asilikali ndi apolisi omwe amasewera ku Moyale Barracks kapena Blue Eagles, koma kumeneko wolemba ntchito ndi mwini timu ndi mmodzi yemweyo. Ku Scotland bwana wa fakitale alibe nazo ntchito kuti dzulo unafika kunyumba pakati pa usiku. Belu likalira uyenera kukhala pa makina.

Alex Ferguson anabadwa pa 31 Disembala 1941 ku Govan, dera la mumzinda wa Glasgow lomwe lili m'mphepete mwa mtsinje wa Clyde. Nthawi imeneyo Govan inkadziwika ndi ntchito yopanga sitima zapamadzi, ndipo bambo ake ankagwira ntchito kumeneko. Atadzalemera, nyumba yake ya ku England anaitcha Fairfields, potengera dzina la malo opangira sitimawo. Kwa mwana wa ku Govan njira inali yodziwika: ukasiya sukulu, phunzira luso la manja. Ferguson analowa maphunziro a zaka zisanu a ntchito yopanga zida zachitsulo zomwe makina a m'fakitale amadulira ndi kuumbira zitsulo zina. Ankagwira ku Hillington, ndipo mbali yaikulu ya zakazi anali ku kampani ya Remington Rand yomwe inkapanga makina otayipira. Adakali mnyamata choncho, anzake anamusankha kukhala wowayankhulira ku bungwe la ogwira ntchito, ndipo anatenga nawo mbali pamene ophunzira ntchito ananyanyala pofuna malipiro abwino.

Mpira anayambira ku Queen's Park, timu yakale kuposa zonse ku Scotland, yomwe inakhazikitsidwa mu 1867. Timuyi inali ndi mwambo wosalipira osewera, ndipo inaugwiritsitsa mpaka 2019. Ferguson anasewera masewero ake oyamba mu 1958 ali ndi zaka 16, ku Stranraer. Anagonja 2-1 koma chigoli chimodzicho anamwetsa ndi iye. Zigoli ankamwetsa ndithu, koma malo okhazikika m'timu sanawapeze, ndiye mu 1960 anasamukira ku St Johnstone ya mumzinda wa Perth.

Apa m'pamene moyo wa ntchito ziwiri unaonetsa mano. Perth ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Glasgow. Masiku okonzekera, mnyamatayu ankatuluka m'fakitale madzulo, kuthamangira sitima yapamtunda, kukachita zokonzekera ku Muirton Park, kenako kubwerera. Ankafika kunyumba anthu atagona kale, m'mawa n'kulawirira ku ntchito. Ndipo mapeto a zonsezi nthawi zambiri anali kusewera m'timu yachiwiri. Pofika kumapeto kwa 1963 anali atatopa nazo. Anayamba kulingalira zosamukira ku Canada, komwe amisiri a luso lake ankafunidwa.

Zomwe zinachitika mu Disembala chaka chimenecho amazifotokoza yekha m'buku la mbiri yake, Managing My Life. Posafuna kukaseweranso m'timu yachiwiri, anapempha chibwenzi cha mng'ono wake kuti chiimbire foni mphunzitsi, Bobby Brown, chinamizire kukhala mayi ake, chinene kuti Alex wagwidwa ndi chimfine. Brown sanapusitsike. Anatumiza telegalamu kunyumba, mayi ake enieni anakalipa, ndipo Ferguson atamuimbira mphunzitsiyo anauzidwa kuti osewera ena akudwaladi, choncho mawa lake asewera ndi Rangers ku Ibrox. Pa 21 Disembala 1963 anamwetsa zigoli zitatu yekha, St Johnstone inapambana 3-2. Za Canada zinathera pomwepo. Chaka chotsatira Dunfermline inamugula, ndipo ali ndi zaka 22 anasiya fakitale n'kuyamba kudya za mpira zokha.

Nkhani imeneyi anthu amaikonda chifukwa imakoma pofotokoza. Ine imandiopsa. Brown akanakhulupirira bodza lija, kapena osewera aja akanapanda kudwala, dzina la Ferguson bwenzi lili pa ndandanda ya amisiri a fakitale ina ku Canada. Khama la zaka zisanu linali pafupi kuthera m'madzi, ndipo chomwe chinalipulumutsa ndi masana amodzi. Komanso ndimaona mbali ina: anali ndi kolowera. Mpira ukanamukana, luso la manja linali m'thumba. Sankasewera ngati munthu amene akalephera agona ndi njala, ndipo mwina n'chifukwa chake sankaopa kukangana ndi aphunzitsi ndi akuluakulu a matimu.

Zaka zake monga wosewera wa mpira wokhawokha ndizidutsa msanga. Ku Dunfermline, mu 1965, anamusiya kunja pa ndime yomaliza ya chikho cha Scottish Cup yomwe anagonja 3-2 ndi Celtic, ndipo anauzidwa mochedwa kwambiri. Chaka cha ligi cha 1965/66 anamwetsa zigoli 31, kufanana ndi Joe McBride wa Celtic pamwamba pa omwetsa zigoli. Mu 1967 Rangers, timu ya kwawo yomwe ankaisapota ali mwana, inamugula ndi mapaundi 65,000, ndalama zomwe panthawiyo zinali zisanaperekedwepo pakati pa matimu awiri a ku Scotland. Koma pa ndime yomaliza ya 1969, Celtic inawakwapula 4-0, ndipo mlandu wa chigoli choyamba, chomwe Billy McNeill anamwetsa ndi mutu pa kona, anausenzetsa Ferguson poti ndiye ankayenera kumulonda. Anamutsitsira ku matimu a ana, kenako anapita ku Falkirk. Kumeneko ankasewera uku akuthandiza kuphunzitsa, chifukwa maphunziro a uphunzitsi anali atayamba kale adakali wosewera.

Pofika 1973 gudumu linali litazungulira. Anapita ku Ayr United, komwe mphunzitsi anali Ally MacLeod, ndipo mpira unabwerera kukhala ntchito yapambali. Ntchito yeniyeni inali bala lomwe anatsegula ku Glasgow n'kulitcha Fergie's. Anali ndi mkazi ndi ana aamuna atatu. Osewera a nthawi imeneyo sankapuma ali ndi chuma choti n'kudya mpaka ukalamba, ndiye munthu amene zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo anali wodula kuposa onse m'dzikomo ankanyamula makireti, kuwerenga ndalama za tsikulo ndi kuleretsa ndewu za oledzera.

Mu Juni 1974 timu ya East Stirlingshire, ya m'tauni ya Falkirk, inamulemba ntchito ya uphunzitsi. Ndiyo ija ya mapaundi 40 pa sabata. Atafika ku bwalo lawo la Firs Park anapeza osewera osakwana 11, ndipo pakati pawo panalibe goloboyi ngakhale mmodzi. Ndalama zogulira osewera zinali zochepa kwambiri, choncho ankatola omwe matimu ena awataya.

Taganizirani vuto la mphunzitsi wotere. Wosewera wa timu yaikulu amamvera chifukwa nyumba yake, galimoto yake ndi tsogolo lake zili m'manja mwa mphunzitsi. Wosewera wa East Stirlingshire chakudya chake chinkachokera kwina. Wagwira ntchito tsiku lonse, kunja kukuzizira, mvula ikugwa, ndipo iwe ukufuna athamange. Ukamulanga pomudula malipiro, wamudula ndalama yosakwana n'komwe kugula nsapato. Akatopa nawe angosiya kubwera, Lolemba apita ku ntchito monga mwa masiku onse. Munthu wotere umamugwira bwanji?

Ferguson ankawadziwa anthu amenewa chifukwa anali mmodzi wa iwo. Ankadziwa kutopa kwenikweni ndi kutopa konamizira, popeza zonse ziwiri anazichitapo. Ku fakitale anaphunzira kuyankhula ndi gulu la anthu omwe sungawalamule koma uyenera kuwakopa kuti achite chinthu limodzi. M'bala anaphunzira kuwerenga nkhope. Ndipo anali waukali. Mmodzi mwa osewera ake, Bobby McCulley, anadzanena pambuyo pake kuti anali asanaopepo munthu mpaka atakumana ndi Ferguson. Ankafuna kusunga nthawi, kuvala bwino ndi kukonzekera mozama, ngati kuti ndi timu yaikulu. Anawachititsa kukhulupirira kuti angagonjetse Falkirk, timu yaikulu ya m'tauni yomweyo yomwe inkawaderera, ndipo anaigonjetsadi 2-0. Timu yomwe inayamba yopanda goloboyi inakwera kufika pafupi ndi pamwamba pa gawo lawo.

Anakhalako masiku 117 okha. Mu Okutobala 1974 St Mirren ya ku Paisley inamuitana. Pa ndandanda ya ligi inali pansi pa East Stirlingshire, ndipo Ferguson ankaona ngati kuchoka n'kuwagulitsa anyamata ake. Anakafunsa nzeru kwa Jock Stein, mphunzitsi wa Celtic. Stein anamuuza kuti akakhale pamwamba pa mipando ya bwalo la St Mirren, Love Street, ayang'ane uku ndi uku, kenako akachite chimodzimodzi ku Firs Park, yankho alipeza yekha. Ferguson anapita ku St Mirren.

Stein ankadziwa chomwe ankanena, chifukwa naye anadutsa njira yomweyo. Anali wa m'migodi ya malasha. Ali mnyamata anasewerako Blantyre Victoria, timu ya m'tauni ya Blantyre ya ku Scotland komwe David Livingstone anabadwira, komwenso mzinda wathu unatenga dzina. Kuyambira 1942 mpaka 1950 ankasewera ku Albion Rovers uku akugwira ntchito pansi pa nthaka. Munthu ameneyu ndiye anatsogolera Celtic kutenga chikho cha European Cup mu 1967 pogonjetsa Inter Milan 2-1 ku Lisbon, timu yoyamba ya ku Britain kuchita zimenezi. Choncho m'zaka zimenezo, wochoka mumgodi ankalangiza wochoka m'fakitale, ndipo onse awiri anakwezapo chikho chachikulu cha ku Ulaya.

Ku St Mirren anapeza anthu ongopitirira pang'ono 1,000 akubwera kudzaonera masewero, pomwe mabasi ankanyamula anthu a ku Paisley kupita ku Glasgow kukaonera Celtic ndi Rangers. Anakwera galimoto yokhala ndi chimkuzamawu n'kumazungulira m'tauni kuitana anthu kuti abwere ku bwalo. Ndalama zogulira osewera otchuka panalibe, ndiye anayamba kusakasaka ana. Anapeza Tony Fitzpatrick, Frank McGarvey, Billy Stark ndi ena. Mu 1977 St Mirren inakhala akatswiri a First Division n'kulowa m'gawo lapamwamba, ndi timu ya anyamata a zaka za m'ma 19, kaputeni wawo Fitzpatrick ali ndi zaka 20. Tikamatama Ferguson chifukwa cha Giggs, Scholes, Beckham ndi ana a Neville, tizikumbukira kuti kudalira ana sanakuyambe ngati nzeru zapamwamba. Unali umphawi wa ku Paisley umene unamuphunzitsa.

Sindikufuna kumupaka mafuta. Mu 1978 St Mirren inamuchotsa ntchito atasemphana ndi akuluakulu a timu. Anakasuma ku bwalo loweruza milandu ya ntchito ndipo anagonja. Ukali umene unkadzutsa osewera otopa unkapwetekanso anthu omwe ankagwira naye ntchito, ndipo khalidwe limeneli anapita nalo kulikonse. St Mirren ndi timu yokhayo yomwe inamuchotsapo ntchito pa moyo wake wonse.

Zotsatira zake mukuzidziwa, kapena theka lake. Ku Aberdeen anatenga ligi mu 1980, 1984 ndi 1985, ndipo kwa zaka 40 zotsatira palibe timu ina kupatula Celtic ndi Rangers yomwe inaitenganso. Pa 11 Meyi 1983, ku Gothenburg, Aberdeen inagonjetsa Real Madrid 2-1 n'kutenga chikho cha Cup Winners' Cup. Pa 10 Seputembala 1985, ku Cardiff, Ferguson anali pa benchi ngati wothandizira Stein pa timu ya dziko pamene Stein anagwa n'kumwalira kumapeto kwa masewero ndi Wales. Ferguson ndiye anatengera Scotland ku World Cup ya ku Mexico mu 1986, ndipo mmodzi mwa omuthandiza anali Craig Brown, yemwe kwa zaka zisanu ndi zinayi ankaphunzitsa timu ya Clyde ngati ntchito yapambali uku ali mphunzitsi wa sukulu ndi wa ku koleji. Brown naye anadzatsogolera Scotland ku World Cup ya 1998. Mu Novembala 1986 Ferguson anapita ku Manchester United.

Tsopano mnzanga wa Arsenal uja atamva zonsezi anati ndikuchita zomwe amachita olalikira za chuma: kutola munthu mmodzi amene zinamuyendera n'kuuza anthu chikwi kuti nawonso zidzawayendera. Ali ndi mfundo, ndipo mbiri ya East Stirlingshire yomweyo ikumuchitira umboni. Ferguson atachoka, timuyi inatsala pomwe inali. Kuyambira 2003 mpaka 2007 inathera pansi penipeni pa ligi yonse ya Scotland zaka zisanu zotsatizana. M'chaka cha 2003/04 inapeza mapointi 8 okha, osewera akulandira mapaundi 10 pa sabata. Mu 2008 inachoka ku Firs Park, ndipo mu 2016 inatuluka mu ligi itagonja ndi Edinburgh City. Mazanamazana a anthu anavala yunifolomu imeneyo, kuthamanga pa mvula akaweruka ku ntchito, ndipo ambiri mwa iwo palibe amene anawalembera buku la mbiri yawo. Ferguson mwiniwake sankaukonda moyo wa ntchito ziwiri. Mpata utangopezeka, mu 1964 komanso atayamba uphunzitsi, anauthawa.

Choncho sindikunena kuti kuvutika n'kwabwino, kapena kuti aliyense wogwira ntchito ziwiri adzakhala Sir. Zomwe ndikunena n'zochepa kuposa pamenepo. Choyamba, zaka zimenezo sizinali zongodikira. Zida zomwe anagwiritsa ntchito ku Old Trafford, monga kudziwa munthu, kukopa gulu, kudalira ana ndi kusaopa mabwana, anazisula asanalandirepo malipiro oti n'kutchula. Chachiwiri, khama lake linapeza makwerero. Kuchoka ku Firs Park kupita ku Love Street, ku Aberdeen mpaka ku Manchester, sitepe iliyonse inali ndi anthu omwe ankayang'ana pansi kufuna amene akuchita bwino, ndiponso panali mkulu ngati Stein woti n'kumufunsa nzeru. Makwerero amenewa akadalipo. Andy Robertson mu 2012 ankasewera ku Queen's Park yomwe ija osalipidwa, uku akugwira ntchito ku Hampden Park. Mu 2019 anakweza chikho cha Champions League ndi Liverpool. Luso lopanda makwerero limathera pa bwalo la kumudzi, ndipo makwerero sawamanga ndi osewera. Amawamanga ndi omwe ali kale pamwamba.

Chifukwa chake nkhaniyi yandikhudza n'chakuti ndili chaka chomaliza, ndipo mwezi wathawu ndinkalemba CV. Ndisanalowe ku yunivesite ndinakhala zaka ziwiri ndikugulitsa m'golosale ya amalume, ndipo tchuthi chilichonse ndimabwererako. Pa CV zaka zimenezo ndinazisiya. Ndinkaona ngati n'zochititsa manyazi, ngati nthawi yomwe moyo unaima. Anzanga ambiri omwe anamaliza chaka chatha ali m'zaka zotero panopa: wina akuphunzitsa pa sukulu yapulaiveti, wina ali pa kabenchi kotumizira ndalama pa foni, wina akuoda zovala. Ukawafunsa chomwe akuchita amati palibe, akungodikira.

Koma m'golosale muja ndi momwe ndinaphunzira kukana ngongole kwa munthu wamkulu popanda kumunyoza, kuzindikira kuti katundu akusowa ndisanawerenge n'komwe, ndi kutsegula chitseko 6 koloko m'mawa ngakhale palibe wondiona. M'kalasi sanandiphunzitse chilichonse mwa zimenezi. Sindikudziwa ngati kudzakhale Ibrox wanga, masana amodzi osintha zonse. Mwina sadzabwera, monga sanabwerere anyamata ambiri a ku Firs Park. Akulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo amene ali pamphuno panga lero ndi digiri yomwe sinatuluke ndi zaka ziwiri za kuseri kwa kauntala.

Dzulo ndinatsegulanso CV ija. Pansi pa maphunziro ndawonjezera mzere umodzi: wogulitsa ndi wosunga kaundula wa katundu m'golosale, zaka ziwiri. Mnzanga wa Arsenal wati ndiwonjezerenso kuti ndimasapota timu yomwe imagonja sabata ndi sabata, poti ndi umboni wa kupirira. Zimenezo ndazikana.